Gule wa chigoli chimodzi

Ku Ndirande kuno mnyamata akangomva kuti a Maule kapena Manoma abwera kudzasaka osewera, miyendo imamuyabwa. Chenga uyu, chenga uyo, n'kubwereranso kwa woyamba uja ngati waiwalako chenji. Mnzake ali yekha pagolo, kukuwa mpaka kusasa mawu, iye osamuona. Akagoletsa, jezi vuu, gule wa mphindi zitatu, chikhalirecho timu yake ikutsalira 4-1.

Gabadinho Mhango atailasa Morocco ndi mzinga uja ku Cameroon mu 2022, tonse tinavina, ndipo chinali chovinira, ngakhale Flames inagonjabe 2-1. Wathuyu mpira wachita kumugunda pabondo n'kulowa wokha, koma wayamba kale kufunsa mtengo wa ndege ya ku Johannesburg.