Kanema wa nsomba m'nyanja yolekeza m'chifuwa

Mukaona bambo wandevu zake akuzemba kuseri kwa matandala oyanikapo matemba padoko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, musakuwe kuti wakuba. Ndine. Ndimathawa ana a padoko, amene masiku ano akangondiona amayamba kulira ngati makina: tii, tii, tii!

Mlandu wonse ndi wa alamu anga a ku Joni. Atabwera pa Khirisimasi ndi foni yaikulu ngati mbale ya ndiwo, anandionetsa kanema wa azungu a ku Minnesota, ku America, akuwedza nsomba yotchedwa walleye. Maso a nsombayo amanyezimira ngati a mphaka usiku, ndipo ndi amene amaithandiza kusaka m'madzi amdima. Eni ake amainyadira moti mu 1965 anaisankha kukhala chizindikiro cha chigawo chawo. Ine za nsombayo sindinalabadire. Maso anga anali pa boti: kutsogolo kanema, kumbuyo kanema, mawaya ali mbwee, mwini wake atakhala pampando wozungulira ngati bwana wa kubanki, akuiona nsomba pagalasi isanaganize n'komwe zodya nyambo.

"Alamu," anatero mkuluyo akutokosa m'mano, "inu mumaponya ukonde ngati wotchova juga. Anzanu amayamba aiona nsomba, n'kusankha."

Mawuwo anandilasa. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri za mayi a kunyumba, n'kuwauza kuti angondikongoza kwa masabata awiri. Anandiyang'ana mmene amayang'anira nkhuku yofuna kulowa m'nkhokwe, koma sanayankhe. Nyanja atangoitsegula itatha nyengo yoletsa makoka, kabokosi kanafika kuchokera ku Joni. Pamwamba panalembedwa fish finder. Ife tinangokatcha kanema wa nsomba.

Boti ndi la atsibweni anga, ngakhale pagulu ndimalitchula kuti lathu. Ndinagula batire ya njinga yamoto ya mavoti 12, kasola, ndi mawaya pa Jali. Kabuku kake kanati kachipangizo komvera nsomba sikamva bwino kudzera m'thabwa, kayenera kukhala m'madzi. Ndinakamangirira ndi linya kukamtengo kumbuyo kwa boti, galasi n'kulikhomera pathabwa lokhalira. Atsibweni ankangoonerera, akusoka matchera awo.

Anthu anadzaza padoko: asodzi, amayi ogula nsomba, a kabaza, ngakhale mkulu wina wa komiti ya padoko amene anabwera kudzaona ngati si chida choletsedwa. Ndinakwera pachitini n'kuyamba kuphunzitsa mtundu. Ndinati makinawa ali ngati mleme. Amatumiza kaphokoso pansi pa madzi, kamene kamathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi. Kakagunda pansi, kapena kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba, kamabwerera, ndipo galasi limajambula. Nditatero ndinayatsa.

Abale, nsomba zake! Zikuluzikulu, zikudutsa pagalasi motsatizana ngati anthu opita kumaliro a mfumu. Kuya kwa madzi, mamita 18. Amayi analuluta. Ine mtima unali utagula kale malata. Ndiye mwana wanga wa Fomu 2 anandikoka malaya.

"Ababa, koma boti lili pamtunda."

Linalidi pamtunda, pafupi ndi pomwe agalu amagona. Mwanayo anawerenga kachilembo pakona ya galasi n'kulengeza mokweza kuti makinawo anali pa demo, ndiye kuti akungoonetsa nsomba zabodza zoitanira malonda m'sitolo. Nthungululu zija zinasanduka chinthu china chimene sindikufuna kuchikumbuka.

Komabe mwamuna sabwerera padoko. Tinakankha boti n'kulowa m'kanjira ka pakati pa njedza, atsibweni akuponda ndi nsungwi yawo. Titatulukira pamadzi oyera, moyang'ana ku chilumba cha Chisi, galasi linalemba mamita 1.3. Ndinalengeza monyadira. Atsibweni anazika nsungwi, n'kuizula, n'kundionetsa polekeza kunyowa.

"Mphwanga, mbuzi ziwiri kuti zikuuze zimene nsungwi imandiuza ulere?"

Apa ndi pamene ndinazindikira chimene alamu anaiwala kunena. Kaphokoso kaja kamatsika motambasuka ngati kuwala kwa tochi, ndipo malo amene kamaona pansi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa madziwo. Pa mamita 15 kamaona bwalo la mamita asanu. Ku nyanja ya Malawi, yomwe pena imazama mamita 700, kangathe kudzitama. Koma pa Chilwa pathu pano, pomwe malo ambiri munthu wamtali akhoza kuimirira n'kupempha fodya, kanema wanga ankaona kadera kochepa kuposa lichero. Kuti nsomba ioneke, inayenera kubwera yokha kudzaima pansi pa boti ngati yofuna kujambulitsa chiphaso.

Onjezani matope. Madzi a Chilwa mphepo ikangowomba amakhala ngati thobwa, ndipo galasi linada bii. Kenako linayamba kulira tii, tii, tii, tizithunzi ta nsomba tili waliwali. Ndinalamula kuti tiponye. Tinavuula mizu ya njedza, chidutswa cha neti ya udzudzu, ndi patapata wa kumanzere.

Nthawi yonseyi atsibweni sanayang'ane galasi ngakhale kamodzi. Ankayang'ana komwe mbalame zikutera, mmene mphepo yatembenukira, ndi timathovu tomwe mlamba umasiya ukabwera pamwamba kudzameza mpweya. Kenako analoza ndi mlomo. Tinatchera kumeneko, ndipo madzulo m'boti munali makumba ndi milamba yokwanira ndiwo ndi ya sopo. Pofuna kupulumutsa ulemu, ndinadina GPS ya m'makinamo kuti isunge malowo. Ndinati sayansi yatsimikiza.

Usiku tinagona pa zimbowera, tinyumba toyandama tomwe asodzi amamanga pa njedza n'kukhalamo masabata osaponda mtunda. Mbiri yanga inali itafika kale. Mabwato anabwera ambiri, ine n'kukonza kukhosi kuti ndiyambenso phunziro la mleme. Palibe anafunsa za mleme. Aliyense anatulutsa foni.

"Achimwene, tamva kuti muli ndi batire."

Mmene kunkacha, mafoni asanu ndi awiri anali atakhuta, batire ili gwa, kanema wathima. Tinabwerera ku Kachulu mmene makolo ankabwererera: phiri la Chisi kumbuyo, phiri la Zomba kutsogolo.

Malo aja ndinawasungabe mumtima. Mu Okutobala, dzuwa litapsa, ndinanyamula makina kuti ndikatenge chuma changa. Boti linatitirira kutali, ndipo ndinatsika n'kumatsatira kamuvi ka pagalasi wapansi, batire ili paphewa. Kamuvi kataima, ndinali pakati pa dothi long'aluka, ng'ombe zikudya msipu, mnyamata wa kabaza akundiimbira belu kuti ndipatuke. GPS sinaname. Malo anali omwewo, nyanja ndiyo inali itasamuka.

Atsibweni sanaseke, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka. Anandikumbutsa kuti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imamwa kwa Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi inzake, dzuwa n'kumaimwanso, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere ndipo mawaya anga anali atachita kale dzimbiri lobiriwira. Iwo anaiona itauma mu 1968 ali kamnyamata, mu 1995, mu 2012, ndi mu 2018 pamene anthu ankapita ku Chisi pa njinga. Ikauma, nsomba zotsala zimabisala m'maiwe a m'mitsinje, ndipo mvula ikabwera bwino zimaswananso n'kudzaza nyanja.

"Nsomba za kuno sizisowa chifukwa chobisala," anatero. "Zimasowa madzi akachepa, mitsinje ikabweretsa dothi la m'mapiri omwe tinameta mipala, ndiponso anthu akamakokola ndi ana omwe pogwiritsa neti ya udzudzu. Kanema wakoyo amaonetsa mvula?"

Ndinafufuza m'kabuku konse. Saonetsa.

Ndisanamize dziko, makinawo si oipa. Kumadzi akuya amagwira ntchito, ndipo GPS ikhoza kupulumutsa munthu amene wasokera usiku m'tinjira ta m'njedza, bola batire asaigawe ngati nsima ya pamaliro. Cholakwika chinali mwini wake, amene anafunsa mlamu wa ku Joni za nyanja, kusiya munthu amene wakhala akuiponda ndi nsungwi zaka zoposa 50. Paja safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, koma pakhomo polakwika.

Lero batire ndi sola zili m'manja mwa mayi a kunyumba. Anaika kabenchi pafupi ndi doko, amatchaja mafoni a asodzi, ndipo abweza kale mbuzi imodzi. Akuti inayo ndibweza ine. Loweruka madzulo, akakhala kuti akondwa, amandibwereka batire kwa mphindi khumi. Ndimakhala pakhonde, n'kuika makina pa demo, n'kumaonerera nsomba zikuluzikulu zikudutsa pa mamita 18 pansi pa mtondo wosinjira.

Amene akufuna kanemayu andipeze pa Kachulu, kuseri kwa matandala. Mtengo wake ndi mbuzi imodzi, yaikazi. Koma musanabwere, yambani mwazika nsungwi m'madzi a kwanuko.