Sewero Lenileni Lili Pakhomo

Mnansi wanga ku Chilomoni amalemba masewero oimba. Ndi yemweyo amene amawatsogolera, amasoka zovala, amamata maposita pamitengo, ndipo tsiku la sewero amakhala pakhomo kudula matikiti. Pakhadi lake analembapo "Dairekitala" basi, poti malo anachepa.

Akuti anatengera Du Chisiza Jr, uja anayambitsa Wakhumbata mu 1987, yemwe ankadzaza French Cultural Centre mpaka anthu kukhala pansi. Amangoiwala kuti nthawi imeneyo wailesi yakanema ya dziko lino inali isanabadwe, inadza mu 1999, ndipo Loweruka masana kunalibe Arsenal yolimbirana naye anthu.

Pulakatisi ndi nkhani ina. Mtsikana wa mawu okwera, wobwerekedwa kukwaya ya tchalitchi, satsegula pakamwa asanafunse, "Bwana, ya transipoti bwanji?" Amakhala kuseri kwa holo komweko. Wa ng'oma wapita kumaliro a agogo ake kanayi chaka chino.

Tsiku la sewero linafika. Posita inati hafu pasiti wanu. Itakwana 3 koloko m'holo munali ana asanu ndi mayi wa mandasi. Kenako khamu linafika, lonse lonunkhira mafuta odula, lonse lopanda chenji. Kunabwera atolankhani asanu ndi awiri, wopanda ndi mmodzi yemwe wa cholembera. Kunabwera anzake a kusukulu. Kunabweranso bambo wina wa jekete, nati kwa wodula matikiti, "Iwe, sukundidziwa? Ndine malume ake a dairekitala." Dairekitala anawayang'ana malume akewo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, nawapatsa mpando wakutsogolo. Nanga akanatani, munthu wamkulu?

Mlendo wolemekezeka anafika cha m'ma 4. Analankhula mphindi 40 za kufunika kotukula luso, analonjeza "kenakake", natuluka nyimbo yoyamba isanayambe, poti anali ndi msonkhano wina wotukula luso.

Sewero litayamba, foni inalira mzere wachiwiri. "Ndili kusewero. Iyayi lankhulani, sizinafike pokoma." Mayi wina anaimirira kulangiza mtsikana wa pasiteji, "Musiye mwamuna ameneyo, mwana wanga, ndi chidakwa!" Tsono pamene mwamunayo, atabayidwa mpeni, anayamba kuimba nyimbo yotsanzika ya mavesi anayi, malume aja anadandaula mokweza, "Wakufa wanji wamphamvu chonchi? Ifeyo tikufuna kukapeza minibasi."

Ndiye magetsi anathima. Kiyibodi inati zii. Mumdimamo wakufa uja anapitiriza kuimba yekha, anthu anayatsa timatochi ta pafoni, azimayi anayamba kuvomera pang'onopang'ono ngati pasiwa, abambo nawo anaponyamo besi. Wa mandasi analira misozi yeniyeni. Mpaka lero dairekitala amalumbira kuti analemba choncho.

Madzulo tinawerenga ndalama pathebulo lake. Holo inali yodzaza, koma zapakhomo zinangokwanira kulipira holoyo ndi theka la transipoti ya mtsikana wakuseri uja. Apongozi ake, omwe nawonso analowa ulere, anamusisita paphewa.

"Musadandaule, akamwini. Manganya suja anayamba chonchi, mu 2024 n'kukhala wachiwiri kwa pulezidenti? Mukadzafika kumeneko mutikumbukire. Koma pakadali pano, ya minibasi muli nayo?"