Kagalimoto kachibwibwi

Kuno ku Mchinji mwamuna aliyense ndi makanika. Galimoto ikangoima mumsewu wa M12, dalaivala n'kutsegula boneti, simudziwa komwe anthu atulukira. Wogulitsa mbatata ya kachewere amasiya ndowa yake, wakabaza amatsamiritsa njinga pamtengo, onse n'kuweramira injini manja ali kumbuyo, aliyense akutchula nthenda yakeyake. Uyu akuti ndi mapulagi, uyo akuti mafutawo ndi osakaniza ndi palafini. M'gulu limeneli ine ndine wapampando. Galimoto ndilibe, laisensi ndilibe, koma ndikapukusa mutu n'kunena kuti "imeneyi ndi fuel pump," ngakhale dalaivala amene akudziwa bwinobwino kuti mafuta amuthera amayamba kukayika.

Ndiye alamu anga, amene amachita geni yawo yodutsa pa Mwami kupita ku Chipata, atamubweretsera mwana wanga kagalimoto ka rimoti, ndinadziwa kuti luso langa lapeza pogwira. Kanali kofiira, ka matayala akuluakulu, kawaya ka eriyo kali njo pamwamba. Masiku oyamba kankathamanga liwiro la mtondo wadooka. Nkhuku zinasamuka pabwalo, ana a m'mudzi monse ankafola pakhonde kudikira kuti agwireko rimoti, ndipo mwana wanga anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Kenaka kanayamba chibwibwi. Ukadina batani kamati jegeje, zii, jegeje, zii. Kusuntha kankasuntha ndithu, koma ngati mkamwini amene akulowa pakhomo pa apongozi ali ndi ngongole yawo.

"Adadi, yadwala."

"Bwera nayo kuno. Ukanditengerenso mpeni wa amayi ako, wosongoka uja."

M'nyumba mwanga mpeni umenewo ndiwo umamasula masikuluwu onse, ndipo nsonga yake inapindika kalekale pa wailesi ina imene sitiitchulanso pakhomo pano.

Musandiyese munthu wosaphunzira zagalimoto. Ife tinakulira galimoto za mawaya. Mawayawo tinkawapeza m'njira zimene sindingafotokoze m'nyuzipepala, matayala anali zitini za polishi, malegeni omangira tinkadula ku chubu cha njinga, chiwongolero chinali chachitali kufika m'chiuno. Injini inali pakamwa. Galimoto imeneyo sinkachita chibwibwi pokhapokha mwini wake ali ndi chimfine. Luso limeneli linamveka mpaka ku America: mu 1990 mayi wina, Karen Lynn Williams, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa kuno ku Malawi amene akusakasaka mawaya. Komanso kuseri kuno ku Kasungu, William Kamkwamba anayamba ndi kukonza mawailesi, ali ndi zaka 14 n'kupanga makina amphepo opangira magetsi ndi dayinamo ya njinga ndi zitsulo zotola. Mu 2019 anamupangira filimu. Kasungu ndi Mchinji tinagawana malire. Mphepo imene inamuomba iyeyo imadutsanso kuno. Sindinaone chifukwa choti kachidole kandigonjetse.

Woyamba kumukayikira anali dziko la Zambia. Aliyense wokhala kufupi ndi malire amadziwa kuti foni ikafuna imagwira netiweki ya tsidya linalo, n'kukulandira ku Zambia uli m'chimbudzi cha kwanu. Ndinauza mwana kuti kagalimotoko kakumva kuitana kwa kwawo, kakufuna kubwerera. Pansi pa rimoti panali kapepala kolembedwa 27 MHz, ndipo ndinakaloza ndi mpeni kuti aone umboni.

Nkhani ya mafunde inali ndi kachoonadi pang'ono, koma wolakwa sanali wa tsidya lija. Zidole zimenezi zimalankhulana ndi rimoti pa mafunde a wailesi, ndipo zambiri zotchipazi zili pa 27 MHz yomweyo. Kagalimoto kotere sikadziwa mwini wake. Kamamvera rimoti iliyonse imene ili pafupi. Alamu anga, pokhala munthu wa geni, anali atagulitsa kena kofanana nako kwa aneba. Mwana wa aneba akadina kumanzere kuseri kwa mpanda, wanga n'kudina kumanja, kathu kankalandira malamulo awiri nthawi imodzi n'kumangonjenjemera. Zatsopano za 2.4 GHz zilibe vuto limeneli, chifukwa ukaziyatsa kagalimoto ndi rimoti yake zimagwirizana ziwirizo basi, za ena sizimva. Ndinapita kwa aneba, tinakambirana mwachikulu, tinagawana nthawi: iwo m'mawa, ife masana. Ndinabwerako chifuwa chili patsogolo. Masana atakwana, mwana anadina batani. Jegeje, zii.

Kenaka mwana wa mlongo wanga, wa ku sekondale, amene foni sichoka m'manja mwake, anabwera ndi nzeru za pa intaneti. Akuti kumayiko akunja kuli anthu akuluakulu andevu zawo amene amaseweretsa magalimoto otere, ndipo nawonso amadandaula za chibwibwi chomwechi. Magalimoto awo ali ndi mota ya brushless, ya mawaya atatu, ndi kabokosi kotchedwa ESC kamene kamatumiza moto ku mawayawo mosinthanasinthana. Kabokosiko kamayenera kudziwa pamene mota yafika pozungulira kuti katumize moto pa waya woyenera. Mota ikamanyamuka pang'onopang'ono, kapena waya mmodzi akakhala wogwedera, kamasokonezeka, mota n'kumangogwedezeka osazungulira. Nkhaniyi inandikomera kwambiri chifukwa inali ndi zilembo zazikuluzikulu. Ndinatsegula kagalimotoko, masikuluwu ndikuponya m'mbale ya ndiwo, n'kuyamba kuwerenga mawaya a mota uku ndikuwakoka kuti asandibisale. Awiri. Ndinawerenganso chobwerera. Awiri.

"Malume, ndiye kuti imeneyi si brushless."

"Iwe, wachitatu anatsala ku Chipata."

Popeza kanali kotsegula kale, ndinaona kuti ndikathire mafuta. Chilichonse chozungulira chimafuna mafuta, zimenezo n'zosachita kupita nazo kusukulu. Ndinatunga mafuta ophikira pasupuni, n'kutsanulira m'timabowo ta mota mpaka kusefukira. Kanayenda bwino kuchokera pakhonde kufika pankhokwe. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi la Mchinji lili pachimake, ndipo pofika madzulo m'kati monse munali phala lakuda lonunkhira mandasi.

Nthawi yonseyi mabatire sindinawakayikire, chifukwa ndinawagula ndekha, pamtengo umene ndinanenerera ndekha, kwa mkulu wina woyala malonda pansi tsiku la msika pa Kamwendo. Komabe ndinawachitira mwambo wonse umene makolo anatisiyira. Ndinawayanika padenga dzuwa lili paliwombo, ndinawagubuduza m'manja, ndinawaluma m'mbali mpaka mano kuchita dzanzi. Nditawaika m'wailesi, inalira bwinobwino mpaka nkhani za m'maboma zinatha. Pakanafunikanso umboni wanji? Ndinagamula kuti kagalimotoko kakufuna moto wochuluka, ndipo maso anga anagwera pa batire ya njinga yamoto ya aneba. Mayi akunyumba anandipeza ndikusenda mawaya ndi mano.

"Bambo, mabatire anayi aja onse pamodzi ndi mavolti angati?"

"Sikisi."

"Nanga ya njinga yamoto?"

"Thwelofu. Ndiye kuti kazithamanga kawiri."

"Kapsa kamodzi. Tapitani nako kwa anthu odziwa, mwana akuonda."

Ndinawakumbutsa kuti ntchito zikuluzikulu sizifuna phuma. Njanji yochokera pano pa Mchinji kukafika ku Chipata sikwana makilomita 30, koma anaiyamba mu 1982 n'kudzaitsegulira mu 2010, anthu n'kuombera m'manja. Iwo anayankha kuti pakatha zaka 28 mwana wathuyu adzakhala ali ndi ana ake, ndipo nawonso adzafuna kukaseweretsa. "Safunsa anadya phula," anatero, "koma inu mwafika podya batire."

Ndinakwera kabaza kupita kuboma, kagalimoto kali m'jumbo, masikuluwu m'thumba la malaya. Pamsika pali mnyamata wina wokonza mafoni ndi mawailesi, m'kashopu kamene munthu sangatembenukemo osagwetsa kanthu. Ndinamuuza kuti ndangobwera kudzatsimikiza zimene ndapeza kale, ndipo ndinatchula ESC mokweza kuti amene ankachajitsa mafoni amve. Iye sanayankhe. Anaika mabatire anga olumidwa aja, ananyamula kagalimoto m'mwamba, n'kudina rimoti. Matayala anazungulira, ngakhale mwaulesi. Anakaika pansi. Jegeje, zii.

"Madala, mwaona? M'mwamba kakuyenda, pansi kakukana. Ndiye kuti moto ukuchepa kakayamba kudzikoka, kapena pali chimene chikugwira matayala. Mwinanso zonse."

Anatenga mita yake n'kugusitsa nsonga ziwiri pa mabatire. Kagalimoto kali chete, mita inaonetsa pafupifupi mavolti 6, ndipo ndinatembenuka kuyang'ana anthu ochajitsa mafoni aja. Kenaka anagwira tayala ndi chala n'kudina rimoti. Nambala inagwa mwadzidzidzi. Anafotokoza kuti mota ikamanyamuka imakoka moto wambiri nthawi imodzi, ndipo mabatire otchipa a zinc-carbon sangaupereke, mphamvu yawo imatsika pomwepo. Ikatsika, kabolodi kamene kamamvera rimoti kamazima kaye, mota n'kuima. Mota ikaima mabatire amapezako mpweya, kabolodi kamadzuka, kamamvanso rimoti, mota n'kukokanso, zonse n'kuzimanso. Chibwibwi chija n'chimenecho. Wailesi imangonyambita moto pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mabatire omwewo ankaimbitsa popanda dandaulo. Anati ndigule a alkaline, kapena ochajidwa a NiMH, amene amalembedwa 1.2 V koma sagwada msanga mota ikakoka. Za kuluma anati ndisiye ngati mano ndikuwafunabe, poti m'kati mwa batire muli mankhwala owononga.

Ndinamuuza kuti zimenezo n'zomwe ndinkaganiza.

Anasuzumira m'malo moika mabatire. Kasipuling'i kamodzi kanali ndi zoyerayera zotuluka m'batire lochucha, komanso kanali katafooka moti batire linkagwedera kagalimoto kakadumpha kamwala. Anakapala ndi sandipepa, n'kukakoka pang'ono kuti kazikanikiza. Kagiya kakang'ono ka pamutu pa mota anakayang'ana mosamala, poti akuti kameneko kakang'ambika mota imalira yokha matayala osasuntha. Kathu kanali bwino. Kenaka ananunkhiza.

"Anathira mafuta ophikira muno ndani?"

"Ana," ndinatero. "Ana a masiku ano."

Anandionetsa kuti m'kati mwa mota ya mawaya awiri muli tizitsulo tiwiri topyapyala timene timakhudza chozungulira chija n'kumachipatsa moto. Mafuta ndi fumbi zikamatirira pamenepo, motowo umadutsa modukizadukiza. Anatsuka ndi spiriti, anapemerera, n'kudontheza kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera kunsonga kwa kachitsulo kozungulira, osati m'timabowo.

Chomaliza anazula tayala lakumbuyo, natenga singano, n'kuyamba kusolola chinthu chakuda chimene chinakulungana pa ekiselo. Ankasolola, chikubwera. Ankasololabe, chikubwerabe, mpaka patebulo panadzaza. Mayi wina amene ankadikira foni yake anasuzumira n'kunena kuti, "Imeneyo ndi meshi."

Mtima wanga unayera. Ndinapempha kapepala, ndinakulunga umboniwo, n'kuuika m'thumba limodzi ndi masikuluwu. Mnyamata uja anatinso mawaya awiri a mota atsala pang'ono kuduka, ngati kuti wina ankawakoka, ndipo afunika kuwotcherera. Anatchula mtengo. Ndinakana. Mabatire atsopano anali atandidyera kale ndalama ya kabaza wobwerera ndi ya ndiwo, komanso mwamuna sangasiyire mnzake ntchito yonse, anthu angamuone bwanji.

Pofika kunyumba ndinayala kapepala kaja patebulo pamaso pa mayi akunyumba, osalankhula, kuti umboni ulankhule wokha. Iwo anauyang'ana, anautola, anaukoka uku ndi uku.

"Ndi yangadi. Mukudziwa chifukwa chake ikuyoyoka? Ndi ya chaka chatha. Ndinakuuzani liti za yatsopano?"

Mlandu umenewo unatha ine nditalonjeza meshi tikagulitsa mtedza.

Mawaya aja anali atadukiratu onse awiri m'njira, chifukwa cha mabampu. Sindinadandaule. Ndinaika msomali pambaula mpaka unafiira, ndinaugwira ndi pulayala, n'kusungunula mtovu umene unatsalira pa mota. Mwana wa mlongo wanga anayamba kunena kuti waya wofiira unali mbali iyi, wakuda mbali iyo, koma ndinamuuza kuti mitundu ya mawaya amaikira kukongoletsa. Ndinamata, ndinatseka, masikuluwu atatu anatsala m'mbale, chizindikiro chakuti kufakitale amaika ochuluka mopitirira muyeso.

Chibwibwi chinatheratu. Mwana atadina kutsogolo, kagalimoto kananyamuka mwaukali chobwerera m'mbuyo, kanadutsa pansi pa nkhokwe, n'kukaimira m'khola la nkhumba. Ndamulangiza kuti azigwira rimoti chozondotsa, ndipo zikuyenda, kungoti akatero kumanja kumasanduka kumanzere. Limenelo ndi vuto laling'ono, ndikulilingalira. Mbiri yoti ndakonza kagalimoto yafika kale kwa aneba, ndipo dzulo anandifunsa ngati ndingayang'aneko kawo. Akuti kakuyenda bwinobwino. Ndawauza kuti abwere nakobe, matenda ena amabisala m'kati.