Kalata ikuchita kafukufuku

Pa yunivesite ina kuno kwathu amaphunzitsa kasamalidwe ka anthu ogwira ntchito, ndipo amaphunzitsa bwino ndithu. Ophunzira amatuluka ndi madigiri n'kukakonza maofesi a eni. Koma mphunzitsi wa phunziroli akudikirabe kalata yowakweza pa udindo, chikhalirecho ena mwa ophunzira awo ndi mabwana tsopano.

Ine sindikuonapo vuto. Mwina kalatayo nayonso ikuchita kafukufuku.

Akuluakulu atamva dandaulo sanachedwe: anakhazikitsa komiti, komitiyo inakagona ku Mangochi kukambirana za kuchedwa kwa makalata, ndipo lipoti lake likungodikira siginecha.

Tonsefe takwiya nazo kwambiri, moti tapempha kuti mkwiyo wathu tikaufotokozere ku Salima, alawansi ilipo.