James Bond Ndi Bwana wa M'boma Basi

Mafuta akweranso mtengo, minibasi nazo zakwera, ndiye Loweruka ndinangokhala pakhomo ngati mlonda wosalipidwa n'kuonera Goldfinger, filimu ya 1964, pa foni ya alamu anga. Mayi a kunyumba ankati ndikuwononga nthawi. Ine ndinati ndikuchita kafukufuku.

Zimene ndapeza n'zakuti James Bond, kazitape wotchuka uja, ndi bwana wa m'boma basi. Taonani galimoto. Boma la Britain lamupatsa Aston Martin DB5 yokhala ndi mfuti, manambala osinthasintha ndi mpando woponyera munthu kunja kudzera padenga. Mpandowo ndaukhumbira, poganizira alamu anga omwewo. Koma galimotoyi ilinso ndi pothirira oilo pamsewu mwadala kuti adani aterereke. Oilo, abale, kumutaya dala! Apo ndinaimitsa filimu n'kumwa madzi. Kenaka mkuluyu akukaiwombetsa kukhoma ku Switzerland, ndipo palibe womufunsa lipoti, palibe womudula malipiro.

Filimuyo ndi yokoma, zimenezo sindikana. Shirley Bassey akangoyamba kuimba nyimbo ya filimuyi, ngakhale wangongole agogode sutsegula. Sean Connery, amene anasewera Bond, suti imamukhala. Oddjob, wantchito wa Goldfinger mdani wa Bond, sayankhula, amangoponya chipewa chachitsulo n'kudula mutu wa chiboliboli. Gert Fröbe, amene anasewera Goldfinger, Chingerezi chinkamuvuta mpaka anamuikira mawu a munthu wina, komabe ndi iye wanyamula filimu yonse. Nzeru za Goldfinger nazo si zamasewera. M'buku la Ian Fleming la 1959 ankafuna kuba golide wa boma la America ku Fort Knox, koma mufilimu akufuna kungomuipitsa ndi bomba la nyukiliya kuti golide wake yemwe akwere mtengo. Aliyense amene anasakapo shuga wobisidwa kuseri kwa shopu amva msanga.

Vuto ndi bwana wathu uja. Gawo lalikulu la filimu ali m'manja mwa adani, akumwa zoziziritsa kukhosi pa famu ya mahatchi ku Kentucky, ndipo ndikukhulupirira kuti masiku onsewo alawansi ikuwerengedwa, ya kunja kwa dziko, ya madola. Goldfinger naye, m'malo momuwombera, akumugoneka patebulo n'kumuopseza ndi leza, kenaka akumusiya wamoyo. Akuitanitsanso zigawenga, kuzifotokozera pulani yonse ndi mapu, n'kuzipha pompo. Msonkhanowo unali wa chiyani? Ya m'boma yokhayokha.

Amene wapulumutsa Fort Knox ndi mayi woyendetsa ndege ya Goldfinger, Pussy Galore, amene anadziwitsa akuluakulu ku Washington n'kusintha mpweya wa poizoni umene Goldfinger ankafuna kuphera asilikali. Ndipo apa sindikuseka. M'khola la pafamu paja Bond akumugwetsa pa udzu, mayiyo akukana, akumukankha, iye osaleka, ndipo filimu ikufuna tikhulupirire kuti chimenecho ndi chikondi. Kumeneko ndi kukakamiza mkazi, ndipo suti yokongola siisintha kanthu. Anyamata athu akamaonera, wina aziwauza.

Bomba lija nalo Bond akungolisisita, thukuta lili kamukamu, osadziwa waya woti adule, mpaka katswiri wina akufika n'kuzimitsa ndi dzanja limodzi, wotchi itaima pa 007. Katswiriyo dzina lake sitikuuzidwa. Woitanidwa kukadya nkhomaliro ndi pulezidenti wa America ndi Bond, ndipo ndikuganiza kuti ulendo umenewonso anasainira.