Mako ndi Mako, Nanga Bambo?

Mwambi wakuti "mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo" umalangiza mwana kuti asanyoze mayi ake ngakhale akhale osauka kapena olumala. Za bambo mwambiwu unangoti zii, ndipo akuluakulu ankadziwa chifukwa chake. Mwana akamabadwa azamba amaona okha kuti mayi wake ndi uyu, koma za bambo mudzi umangomva kwa mayiyo.

Kale mlandu wotere unkagamulidwa poyang'ana mphuno, makutu ndi zala. Mwamuna akabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni, komwe anapita pa Wenela, n'kupeza khanda lomwe miyezi yake sikugwirizana ndi ulendo, azakhali ankalitembenuza uku ndi uku, kenako n'kulengeza kuti latengera agogo ena omwe anatisiya kalekale. Akufa satsutsa, choncho nkhani inkathera pomwepo.

Mtendere umenewu unasokonekera mu 1984, pamene Alec Jeffreys wa pa yunivesite ya Leicester ku England anatulukira njira yozindikirira munthu ndi abale ake poyeza DNA. Mwana amalandira ma chromosome 23 kwa mayi ndi ena 23 kwa bambo, ndipo makina akawayerekeza, agogo omwalira aja amachotsedwa pa mlandu. Lero makampani monga AncestryDNA amangofuna malovu m'kabotolo. Munthu amalavula pofuna kudziwa kwawo kwa makolo ake, koma nthawi zina yankho limabwera litagwira dzanja mchimwene yemwe sanamumvepo, wamphuno ya bambo ake yeniyeni.

Chosekesa n'chakuti sayansi yomweyo inavomereza mwambi uja. DNA ya mu mitochondria munthu amailandira kwa mayi yekha. Bambo, ngakhale alipire fizi mpaka kuyunivesite, saikapo kanthu. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson analondola mzere umenewu n'kupeza kuti amayi a anthu onse apadziko amakathera kwa mayi mmodzi wa ku Africa.

Achewa anafika pamenepo opanda labotale. Mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, womuyang'anira ndi malume, ndipo ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wa mfumu. Zotsatira za DNA zingathe kupasula banja, koma m'mudzi wa chikamwini sizilanda mwana munda, poti mundawo ndi wakuchikazi. Angoni a ku Mzimba anaiona nkhaniyi mwamtundu wina: mwana ndi wa amene anapereka ng'ombe za malowolo.