Mfumu Yafa Kapena Yangosowa Kolowera?

Mawu akuti checkmate atchuka m'tauni muno kuposa masewera amene anawabala. Timu ikagoletsa chigoli mphindi yomaliza, wina akuwa checkmate. Loya akapanikiza mboni, checkmate. Wokongoza ndalama akamupeza wangongole wake ali pamzera wa kubanki, nayenso checkmate. Ambirife sitinakhudzepo bolodi ya chess, koma zimenezo sizinatiletse kukangana za kumene mawuwa anachokera.

Alipo osafuna kudzivutitsa. Iwo akuti nkhaniyi ndi yapafupi: check n'kuyang'ana, mate ndi mnzako, ndiye kuti Mngelezi ankangouza mnzake kuti taona ndakuchita. Amanena molimba mtima ndithu, koma mate wa chibwenziyo ndi wa banja lina, lochokera ku Chijeremani chakale, ndipo ankatanthauza munthu wodya naye pamodzi. Enanso akulumbira kuti gwero lake ndi dziko la Czech, poti mayinawo akumveka mofanana. Awa tingowapatsa moni n'kudutsa.

Phokoso lenileni lili pakati pa owerenga mabuku. Poyambira amagwirizana: masewerawa anabadwira ku India cha m'zaka za m'ma 500 akutchedwa chaturanga, n'kupita ku Persia, komwe lero ndi Iran. Aarabu atagonjetsa Persia m'zaka za m'ma 600 anawatenga n'kuwatcha shatranj, ndipo kudzera ku Spain analowa nawo ku Ulaya. Mfuu ya wopambana inayenda nawo ulendo wonsewo. Ku Persia inali shah mat, Afalansa anaipinda kukhala eschec mat, Angelezi n'kuitola m'zaka za m'ma 1300. Zoti shah ndi mfumu palibe akutsutsa, ndipo achikulire omvera wailesi akukumbukira Shah womaliza akuthawa ku Iran mu 1979. Pamene pathina ndi pa mat.

Mbali ina ikuti mat ndi kufa, choncho checkmate ndi uthenga wa maliro: mfumu yafa. Ali ndi pogwira, chifukwa m'Chiarabu mata ndi kumwalira, ndipo tanthauzo limeneli ndi lokoma kulinena pagulu, maka ukaliperekeza ndi kumenya tebulo. Mbali inayo ikuti ayi, mawuwa ndi a Chiperisiya, ndipo kumeneko mat ndi munthu wothedwa nzeru, woti kakasi, wosowa kolowera. Akuti Aarabu anangomva mawu ofanana ndi awo n'kuimika maliro a mfumu yomwe ikupumabe.

Ife oweruza tikuti tiyeni tione pabolodi. Hatchi imadyedwa, asilikali amadyedwa, ngakhale mfumukazi ndi ukali wake wonse imanyamulidwa n'kuikidwa pambali. Mfumu yokha sidyedwa. Masewera amatha iyo ili chiimire: yaopsezedwa, kothawira kulibe, woitchinga palibe, woiopsezayo sangadyedwe. Pabawo timadziwa kuti wogonja amakhala atakokoloredwa nkhomo, koma kuno wogonja akhoza kukhala ndi gulu lake pafupifupi lonse. Pali mpaka checkmate yotheka wosewera mbali yakuda atangosuntha kawiri, pabolodi pasanachoke kanthu n'kamodzi komwe. Imfa yanji yopanda mtembo?

A mbali ya maliro sagonja msanga. Akuti nanga bwanji wogonja amagoneka mfumu yake pansi, si kufa kumeneko? Funso labwino, koma wogoneka mfumu amakhala akudzipereka yekha checkmate isanafike, poona kuti zinthu zaipa. Tikawauza zimenezi amati chabwino, koma mfumu yosowa kolowera ndi yakufa kale, kwangotsala kulengeza. Apa timangoseka, chifukwa akuvomera kwinaku akukana.

Choseketsa kwambiri n'chakuti mphekesera yomwe tonse tinaitaya ngati nkhani ya kumowa ndi imene yapezeka yoona. Wina anati cheke cha kubanki ndi mbale wake wa checkmate, anthu n'kumufunsa kuti wamwa chiyani. Komatu ndi zoona. Shah uja ndi amene anasanduka check, chenjezo loti mfumu ili pangozi. Kuchoka apo mawuwa anayamba kutanthauza kuimitsa chinthu, kenako kuchifufuza ngati chili bwino, mpaka anafika pa kapepala kotsimikizira malipiro. Ngakhale ofesi ya chuma cha mafumu a ku England, Exchequer, inatenga dzina m'zaka za m'ma 1100 kuchokera ku nsalu ya mabokosimabokosi ngati bolodi ya chess, yomwe ankayala patebulo powerengera msonkho. Mpaka lero nduna ya zachuma ya ku Britain imatchedwa Chancellor of the Exchequer.

Mwini mphekeserayo tsopano akuyenda chodzikweza, ndipo wayamba kufalitsa ina yoti machecheta nawonso anachokera ku Persia. Imeneyo tamuuza kuti abwere ndi umboni.